Tiyi wa Folo Koloko wa Amayi

Lolemba

Ambuye, ndiyambe ndi Inu. Loweruka amayi akukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ndatsimikiza mtima: tiwakonzera tiyi wa m'buku.

Buku lake ndi lija lopanda chikuto, amalisunga m'sutikesi pansi pa nsalu za kutchalitchi. Patsamba lapakati pali azimayi a zipewa zikuluzikulu pansi pa mtengo, timakapu m'manja, wotchi ikuloza folo koloko. Chingerezi amayi sawerenga, koma chithunzicho achiyang'ana moyo wawo wonse. Tili ana ankatiuza kuti, "Anthu awa alibe nkhawa."

Zofunika:
anthu khumi ndi awiri, OSAPITIRIRA
makapu a sosala
zipewa
keke
buledi wa makona atatu, nkhaka pakati
wotchi ya katoni yoloza folo

Chachikulu ndi ichi: amalume Che Jafali a kunyanja ya Chiuta avomera kubwera! Chisiyireni amayi Chisilamu n'kukwatiwa ndi malemu bambo kutchalitchi, achimwene awowa sanalawepo kanthu pakhomo pano. Pamaliro a bambo anafika, anapepesa, koma ngakhale madzi sanamwe. Ndawaimbira ndekha. Akuti: "Folo koloko? Ndamva." Basi.

Akangomwa kapu imodzi pakhomo pa mlongo wawo, ine ntchito ndamaliza.

Lachiwiri

Chiwerengero cha anthu chafika makumi atatu.

Ndinangouza alamu anga okha, amake Tadala. Iwo auza amayi a mphakati, amayi a mphakati auza kwaya, kwaya yauza abambo mfumu a ku parishi. Alamuwo akuti: "Phwando loitana ndi mayina ngati kukhoti? Iyayi alamu, dera lonse la Nsamala litiseka."

Kenako afunsa kuti mpunga aphika ndani. Ndati mpunga kulibe, ndi tiyi. Agwira pakamwa ngati ndalengeza zovuta.

Makapu ndapeza asanu ndi awiri. Sosala zinayi, yachisanu ndiyo ili pansi pa kandulo wa Amayi Maria. Ndawapempha andibwereke mpaka Lamulungu.

Ndiulule: ndawanenera alamu mawu ena mumtima, osayenera mlembi wa mphakati. Komanso ndi nyengo ya Lenti, ndinalonjeza kusiya shuga. Mwina n'chifukwa chake.

Lachitatu

Keke woyesera. Pambaula, makala ena pachivundikiro. Pamwamba wapserera, pakati ndi phala. Ndiyesanso!

Zipewa za m'buku ku Balaka kulibe. Ndagula za mlaza, zolimira zija, ndasokererapo maluwa a pepala. Amayi a mphakati abwera kudzayesa, koma duku akana kuvula. "Mutu wanga aone abambo mfumu? Tivala pamwamba." Atakhala pamzere akuoneka ngati bowa wa pachulu.

Sindifooka.

Amayi akuti ndiwagulire chinangwa ndi nsinjiro. Ndati, chinangwa m'bukumo mulibe, amayi. Angondiyang'ana, n'kutuma amake Tadala.

Lachinayi

Mayo ine! Mayo!

Keke wachiwiri wadzuka bwinobwino. Mwa kunyada ndatenga kachidutswa kumsika kuti alawe mayi amene amandigulitsa masamba a tiyi. Akuti: "Sikomo achemwali, koma ndafunga."

Ramadhani!

Sikuti sindimadziwa. Mzikiti uli kutsidya kwa msewu, ndimaumva tsiku lililonse. Koma mutu wanga wonse unali m'buku. Ndaitana munthu wofunga, munthu wa zaka zonsezi osadya pano, kuti adzamwe tiyi dzuwa lisanalowe! Ndiye "Ndamva" uja anali wotani? Akuyesa ndikuwanyoza? Akuyesa ndi amayi andituma?

Ndinakhoza mayeso a folomu folo ine. Taonani.

Lachisanu

Foni ya amalume sikupezeka. Ndaimba kasanu ndi kawiri. Ndaimbira wa golosale wa pa Nselema amene amawadziwa, akuti ali kunyanja, akatuluka angokwera kabaza kubwera kuno.

Kusintha nthawi n'kosatheka. Kwaya yauzidwa folo, abambo mfumu alemba folo, wotchi ndapenta kale folo.

Njira zilipo zitatu:
kumwa iwo akuyang'ana (sadzapondanso pano)
kuwapempha amasule tsiku limodzi (tchimo lawo, koma lolembedwa pa ine)
kudwala malungo

Pa Njira ya Mtanda, Ambuye akugwa kachiwiri, ine ndikuganiza za nkhaka. Mundikhululukire.

Ndalimba mtima, ndawauza amayi. Ndimayesa alira. Akuti: "Ukuyesa sindidziwa mwezi umene achimwene anga amafunga? Tasiya kupukusa mutu, senda chinangwacho."

Ndasenda. Koma tiyi akhalapo. Folo koloko!

Loweruka

Hafu pasiti fili. Tebulo pansi pa mango, nsalu yoyera ya maluwa pakati, wotchi yapachikidwa panthambi. Anthu ndasiya kuwerenga. Ena abwera ndi makapu awo a pulasitiki, wina ndi jagi.

Amalume atsika pa kabaza, mkanjo woyera, kathumba ka usipa m'manja. Amayi agwada: "Mwafika, achimwene." Iwo: "Ndafika, chemwali." Zaka zonse zija, mawu ake omwewo!

Folo koloko. Ndanyamula ketulo. Amayi, chipewa chili pamwamba pa duku, akuti: "Pakhomo pano samwa munthu mlendo wanga asanamwe." Ndabweza ketulo.

Takhala.

Faifi koloko. Kwaya yatha nyimbo zonse za Lenti, yayamba za Khirisimasi. Buledi wauma, makona apindika ngati nsapato zakale. Nyerere zapeza keke. Amake Tadala akundinong'oneza: "M'buku mwanumo anthuwo amamwa, kapena amangogwira makapu?" Ndayang'ana pachithunzi. Zoonadi, palibe amene akumwa.

Amalume aitanitsa bukulo. Alitembenuza, agwira pamene panali chikuto, ayamba kuseka mpaka kutsokomola. Akuti: "Ndinang'amba ndine ichi! Panali chidindo cha sukulu ya mishoni. Akanachiona bambo athu, likanalowa pamoto, iwenso ukanalawa chikoti." Amayi akuti: "Ndiye mwandilipira liti chikuto changa?" Akukangana m'Chiyao, zala m'mwamba. Theka sindikumva, koma onse awiri akupukuta m'maso.

Dzuwa lalowa, kumzikiti aitana. Amayi alowa m'khitchini, atuluka ndi beseni la futali, chinangwa chija chosakaniza ndi nsinjiro. Alikhazika pakati pa nsalu yanga yoyera, pamwamba penipeni pa maluwa!

Amalume ati Bisimila, amwa madzi a mumtsuko wa pakhomo pano. Ndawaona ndi maso angawa. Aswali kuseri pamkeka wa amayi, abwerera, ndawathirira tiyi wotenthetsa kachitatu, wakuda bii. Amukhuthulira m'sosala ya Amayi Maria, amupemerera, fyuu, amwa. Kenako akweza maso kunthambi.

"Iwe mwana, wotchi yako ikuti folo. Tamwa pa nthawi yake."

Lamulungu

Zotsala:
makapu asanu ndi imodzi, ina yaduka khutu
nsalu yoyera, yosayeranso
zipewa zitatu, zina zapita kumunda
buledi wa nkhaka yense, nkhuku zomwe zikumuzungulira

Pa zithunzi za foni palibe chooneka, kunali kutada. Mukungooneka zipewa ndi mano. Amayi a mphakati potuluka Misa akuti futali anakoma, koma phwando lopanda mpunga aliona koyamba. Za keke palibe wanenapo.

Amalume anagona konkuno. Keke wotsala adya ndi amayi m'bandakucha asanayambe kufunga, nyerere akuchotsa ndi chala. Pochoka atenga chipewa chimodzi, maluwa ali pomwepo, akuti n'chabwino m'bwato. Wotchi amayi akana kuti nditsitse.

Tiyi wa m'buku ndalephera, ndavomera. Mwina Inu munali ndi buku lanu.

Chatsala n'chimodzi. Amalume atanditambasulira shuga ndi dzanja lawo, sindikanakana. Ndinathira masupuni atatu, pakati pa Lenti. Ndiyenera kukalapa kwa abambo mfumu. Vuto ndi loti anakhala pafupi ndi ine, ndipo iwo anathira anayi.