Malumo Awiri a Nachanza

Wokayika akhale pansi, amve mpaka kumapeto, ndipo tione ngati pakamwa pake patsale chonena. Ine nkhani sindiphonya! Mwambi uja wa atambwali unabadwa motere.

Kalekale mfumu ya dziko lina itamwalira, mpando unayenera kupita kwa mwana wa mlongo wake. Analipo atatu: Chibwatiko wamkulu, mng'ono wake Kamphinda, ndi mlongo wawo Nachanza, amene palibe ankamuwerengera. Koma mwambo unali woti munthu sakhala pampando asanamete tsitsi la maliro, ndipo wonena za kametedweko ankakhala mlongo wa olowa ufumuwo.

Chibwatiko anapeza Nachanza akusinja mapira.

"Mlongo wanga, tsiku lometa ukanene kuti ine ndimete Kamphinda. Lumo likaterereka n'kufika pakhosi, mlandu ngwa ndani?"

"Ngwa lumo, achimwene," anatero Nachanza.

Mapira asanasinjike, Kamphinda uyo! Nayenso anapempha zomwezo, lumo lake atalinola pamwala masiku atatu. Nachanza anavomeranso.

Tsikulo bwalo linadzaza, ng'oma zikulira. Nachanza anaimirira nati, "Achimwene angawa amakondana. Ametane okhaokha, ndipo woyamba kumetedwa atenge mpando."

Anthu anaimba nthungululu. Onse awiri anasolola malumo, ali waliwali padzuwa. Aliyense ataona la mnzake, anagwira khosi lake.

"Yambani ndinu, akulu. Mpando ngwanu."

"Ayi mphwanga, ine ndili ndi chipere. Gwada iwe."

"Chiperecho chamera liti? Dzulo munalibe!"

"Nanga iwe lumo lotere n'lometera munthu kapena losendera njati?"

Anazungulirana ngati atambala, uyu akasendera uyo n'kubwerera m'mbuyo, mpaka Chibwatiko anagwera m'mtsuko wa thobwa. Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Dzuwa linapendeka, mitu ikadali yanyankhalala, akuluakulu akung'ung'udza kuti mpando sungagonenso wopanda mwini.

Pamenepo Nachanza anawalanda malumo aja, nagwada pamaso pa mayi ake aang'ono kuti amumete. Posakhalitsa mutu wake unali mbee! Anadzuka, nasasa tsitsi pamapewa, nakakhala pampando.

"Iwe! Watibera!" anakuwa Kamphinda.

"Ndakuberani chiyani, achimwene? Makosi anu muli nawo. Ine ndapeza mpando umodzi ndi malumo awiri, onola kale."

Awiriwo anakalamba ndi tsitsi lofika m'chiuno, ndipo aliyense wowaona ankangoti: atambwali sametana, amaopa kuchekana.