Vwende Lomwe Linakuwa pa Msika wa Phalula

Ana inu, khalani pansi. Mwambi uwu unayamba motere.

Ku Phalula kunali telala wina dzina lake a Jelasi Nkhwangwa. Maso awo anayamba kuchita chidima, moti kulowetsa ulusi pasingano inali nkhondo. Tsiku lina anasokerera thumba la malaya a aphunzitsi kumsana, ndipo makasitomala anayamba kuwathawa.

Kuchipatala, namwino anawauza tsiku lodzayezetsa maso, n'kuwonjezera kuti, "Pakadali pano muzidya zipatso zachikasu. Pali vwende lija la khungu lokhakhala, lachikasu m'kati, ena amati kayimbe. Lili ndi mavitamini othandiza maso, ndiponso madzi ambiri."

A Jelasi anali asanagulepo vwende chibadwire. Akazi awo, a Nasibeko, ndiwo anawalangiza.

"Bambo, musakangotola. Mukasankhe lalikulu, muligogode kuti mumve kulira kwake. Kenako mulinunkhize cha kuphesi, lakupsa limanunkhira. Mukalinyamula lizilemera."

"Kugogoda, kununkhiza, kunyamula," a Jelasi anapita akubwereza njira yonse.

Anafika pamsika dzuwa lili paliwombo. Wogulitsa mavwende, a Dzoole, anali bambo wa chimutu chachikulu, ndipo anali atameta mpala masiku atatu apitawo. Kutentha kutawagonjetsa, anagona kuseri kwa mulu wa mavwende atafunda chiguduli, mutu wokha uli pakati pa malonda awo.

A Jelasi anapapasa mulu uja mpaka anagwira lalikulu kuposa onse, lokhakhala bwino. Analigogoda: go! go!

"Mmmh," linatero vwende.

A Jelasi anakanda m'mutu. Kulira kwake n'kumeneku? A Nasibeko sananene kuti lakupsa limabuula. Anagogodanso, ulendo uno ndi nkhonya.

"Aaa, iwe," linadandaula vwende.

"Kaya lapsa, kaya lavunda," anang'ung'udza a Jelasi. Anafufuza phesi, nalipeza cham'mbali, lofewa ngati bowa. Ananunkhiza. Fungo lake linali la thukuta ndi sopo wochapira. Apa mutu unawazungulira, koma lamulo lachitatu linali lisanachitike. Atapapasa mbali inayo anapezanso phesi lachiwiri. Anagwira onse awiri n'kukoka.

"Mayo ine! Makutu anga!"

"Anthuni, vwende lalankhula!" anakuwa a Jelasi, nagwa chagada m'dengu la tomato.

Msika wonse unathamangira pomwepo. A Dzoole anadzuka zibakera zili m'mwamba, koma ataona munthu akupepesa moyang'ana mzati wa shedi yamsika m'malo moyang'ana iwo, mkwiyo unawathera. Anatola vwende lenileni, naliika pamphuno pa a Jelasi.

"Lakupsa limanunkhira chonchi, achimwene." Analidula, nachotsa njere ndi mpeni, n'kuwapatsa chibenthu. A Jelasi anadya madzi akuyenderera m'zigongono.

"Koma tandiuzani," anatero a Dzoole akusisita chotupa, "mavwende onsewa, munalekeranji n'kudzagogoda ine?"

"Akunyumba anati ndisankhe lalikulu. Lalikulu linali lanuli."

Mayi mwini dengu la tomato lija, amene ankatola malonda ake ophwanyika, anaseka mpaka kukhala pansi. Atapukuta misozi ndi chitenje anati, "Musamuimbe mlandu telalayu, a Dzoole. Mutu ukakula sulewa nkhonya."