Sabata Yofunafuna Dzina la Mtengo Wathu

Lolemba

Achimwene, ba Yona, atsitsa mabuloko pabwalo m'mawa uno. Akufuna kumanga zipinda ziwiri za lendi, ndipo malo omwe asankha ndi pomwe pali mtengo. Mtengo womwe ndimasokera pansi pake. M'nyumba makina anga sakwanamo, komanso ndi mumdima, ndipo malata a kuno ku Chawama amawotcha munthu ngati mbatata. Mtengo ukagwa, utelala wanga wagwa nawo.

Ndikuimbira foni azakhali a ku Matero, mlongo wa malemu atate. Za pulotiyi amagamula ndi iwo. Akuti: "Batate banu benzekamba kuti mtengo wodyesa banthu olo wopolesa banthu sibadula. Manje uyo ni mtengo bwanji? Nizabwela pa Sondo, unionese."

Ndi mtengo wanji? Ndinakwawira pansi pake, imvi zayambira pansi pake, koma sindikudziwa. Atate anaupeza pompano atangofika kuchokera ku Malawi, ndipo tonse timangoti mtengo.

Zofunika Lamulungu lisanafike:
dzina lake,
chomwe umadyetsa anthu kapena matenda omwe umachiza,
madiresi a kwaya,
osakangana ndi ba Yona (izi zalephereka kale).

Lachiwiri

Ndikuuyang'ana bwinobwino koyamba m'moyo wanga. Masamba ang'onoang'ono, oyang'anizana awiriawiri, ophukira kumene ndi ofiirira. Khungwa lotuwa, long'aluka ngati zidendene zanga. Makoko ake amaphulika nthawi yotentha n'kumamenya malata. Maluwa sindikukumbuka kuti ndinawaonapo.

Ndikufunsa aliyense wobwera ndi chovala chong'ambika.

Ba Phiri ogulitsa makala akuti ndi mtondo. "Malasha yake ni yabwino maningi." Mboni iyi sindiifuna.

Amake Dalitso, a nyumba yoyandikana nafe, akuti ndi mombo, kwawo ku Katete ilipo yambiri. Kenako akuti kapena ayi.

Adikoni akuti ndi mkuyu, wonga uja anakwera Zakeyu. Koma nkhuyu sunabalepo.

Mayi wina wodzatenga siketi akujambula tsamba ndi foni. Foni ikuti ndi oki, mtengo wa m'zigwa za ku Amereka, wobala timtedza tovala zipewa. Atate sanafikepo n'komwe ku Kitwe.

Mayina anayi, mtengo umodzi. Mutu ukuwawa. Diresi ndasoka limodzi lokha.

Lachitatu

Mvula yagwa, ndipo m'mawa masamba adzaza mbozi. Mtima pansi! Mtengo wokhala ndi vinkubala, mbozi zodyedwa zija, ndi mtengo wodyetsa anthu, azakhali sangakane.

Vuto ndi lakuti ine vinkubala ndimazidziwa zouma, za pamsika, zoyeza ndi kachitini. Zamoyo sindinazionepo. Izi n'zaubweya, koma ndikuganiza kuti ubweya umapserera pokazinga, n'chifukwa chake za pamsika zilibe. Ndikutola ndi manja, beseni pambali.

Ndisanafike pakati pa beseni manja ayamba kuyabwa. Kenako khosi. Kenako paliponse pomwe ndakanda.

Amake Dalitso akusuzumira pampanda: "Ba telala, ivo ni viyabwe. Olo nkhuku sizidya."

Akanatha kunena ndisanayambe. Anandiona ndikutenga beseni.

Zala zatupa, ulusi sukulowa m'singano. Ndangokhala pansi n'kumawerenga alendi a mumtengomu: nyerere zokwera ndi kutsika, chiswe patsinde, nyenje zosokosa, ndi timatuza tolimba pamasamba. Ndaswa kamodzi, m'kati muli kamphutsi, kali phee m'chipinda chakechake. Mtengo ukudyetsa aliyense kupatula munthu.

Lachinayi

Bowa. Wamera pathunthu mbali ya kuchimbudzi, wosanjikizana ngati mbale. Wakhalapo kalekale, ine ndimapachikapo tepi yoyezera. Bowa wa tente wa pamsika ndi woyera ndi wofewa, uyu ndi wofiirira ndipo kuti achoke pafunika mpeni ndi mwala. Koma bowa ndi bowa, ndikudziuza choncho.

Ndikuphika kuyambira m'mawa. Ndathiramo soda. Ndathiranso. Makala atha pambaula, bowa ali momwe analili.

Amuna anga akumugogoda ndi supuni: "Ngati ufuna kunipaya, kamba chabe."

Ndataya. Poto wada.

Madzulo pampopi amake Dalitso akufunsa ngati dzina lapezeka. Ndatopa, manja akuyabwabe, ndowa ikulemera. Ndikungoti dzina lilibe ntchito, mtengowo ndi mankhwala.

"Ya chani?"

Ya msana, ndikutero. Kenako, pofuna kuti zimveke zolemera, ndikutsitsa mawu: makamaka msana wa azibambo.

Ndanena dala. Kuuza amake Dalitso ndi kuuza Chawama yense. Ndikungofuna anthu awiri kapena atatu oti adzauze azakhali kuti mtengowu umachiritsa.

Lachisanu

Odi woyamba ndisanasese n'komwe. Kondakitala wa minibasi, kampeni m'thumba. Akuti akufuna kakhungwa, kang'ono chabe.

Amatenga mwa mwambo wake: kakhungwa kamodzi mbali yotulukira dzuwa, kena mbali yolowera dzuwa. Akuti ukasenda mbali imodzi mankhwala sagwira. Onse akudziwa zimenezi, ngakhale obadwira m'tauni momwe muno.

Abwera lero:
womanga wina wa ku Kanyama,
ometa tsitsi a pakona,
mayi wina wodzatengera amuna ake, eniakewo asakudziwa,
adikoni, akuti akutengera mnzawo.

Aliyense akupereka moni mwaulemu, akufunsa za ana, akupempha. Munthu wamkulu wavula chipewa pamaso pako, umukaniza bwanji kakhungwa?

Ba Yona aima pamabuloko awo, akungoyang'ana. Kunena zoona, lero ndasangalala. Mboni zachuluka. Ndasoka madiresi atatu ndikuimba.

Loweruka

Ndikupita kutchalitchi kukayeza madiresi a kwaya. Mtengo ndawasiyira amuna anga. Ndawauza kuti zakwana, wina asasendenso.

Amayi a kwaya aliyense wanenepa kuyambira tsiku lomwe ndinawayeza, ndipo aliyense akuti ndine ndalakwitsa. Ndabwerako dzuwa litapendeka.

Pageti pali anthu ngati pachigayo. Womanga wa dzulo wabwera ndi anzake, akuti zagwira. Amuna anga ali kuseri, akuwiritsa kapoto kawo.

Ndikuzungulira mtengo. Aliyense wosenda kum'mawa anapeza pasendedwa kale, n'kusunthira pambali pang'ono. Wa kumadzulo chimodzimodzi. Pang'onopang'ono mbali ziwirizo zakumana. Kuyambira m'mawondo mpaka pomwe mkono wa munthu wamtali ungafike, thunthu ndi loyera kuzungulira konse, likutuluka madzi.

Izi ndiye ndikuzidziwa popanda kufunsa munthu. Mtengo wosendedwa kuzungulira suchira.

Ndathamangitsa onse, ndi adikoni omwe. Ndamata dothi, ndakulunga ndi zidutswa za zitenje, ndamanga ndi ulusi. Ukuoneka ngati mayi wopita ku chilanga mulilo, mwambo wa chikwati uja. Ndalira pang'ono, ndanamizira viyabwe.

Lamulungu

Azakhali afika titaweruka kutchalitchi. Ndawaikira mpando pamthunzi. Sindinaitane mboni, zabwera zokha. Kondakitala akulumbira kuti mankhwalawo amagwira. Mayi wodzatengera amuna ake uja akungoseka, nkhope yabisidwa m'chitenje. Dzina la mtengo palibe amene wafunsa.

Azakhali akuti: "Namvela. Uyu mtengo upolesa banthu. Yona, osaugwila."

Ba Yona akunyamuka, akukweza chitenje chimodzi pathunthu, akuyang'ana m'kati, akubwezeretsa bwinobwino. Akugwada pang'ono pamaso pa azakhali.

"Vili bwino, ba aunti. Sinizadula. Nizayembekeza."

Azakhali akuwayamikira chifukwa cha kumvera. Ine akundigwira dzanja, akuti ndasunga mawu a atate, ndipo akadakhala moyo akadanyadira. Asanakwere minibasi akundinong'oneza kuti ndiwasungire kakhungwa ka amuna awo.

Ndapambana mlandu. Pamtima pakuwawa kuposa manja.

Mawa ndisokera pompano, mkuja pompano. Ba Phiri akuti mtengo wotere umatha kukhala wobiriwira mvula yonseyi, mwina mpaka ya chaka chamawa. Anena izi akuyeza thunthu ndi mikono.