Tsempho la M'botolo

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Golomoti, sipalephera kupezeka nkhalamba imodzi yondikuwa kuti, "Bambo a Thole, mwadzuka bwanji?" Ine ndimangovula chipewa n'kuyankha bwinobwino. Ndingakane bwanji dzina loti ndidalisoka ndekha? Ana anga enieni ali ndi maina awo a ubatizo, palibe Thole pakati pawo. Koma dzinali lidatsala pang'ono kundidyera banja, ndipo choopsa kuposa apo, lidatsala pang'ono kundidyera mwana.

Zidachitika m'zaka za m'ma 1980. Ndidali telala, mkamwini watsopano m'mudzi wina kufupi ndi Mtakataka, makina anga opalasa ndi mapazi ali pakhonde. Mkazi wanga aNambewe adali atandiberekera mwana woyamba, Tiyamike, ndipo nthawi imeneyo adali wa miyezi isanu ndi iwiri. Kadali kamwana kabwinobwino, kosekerera, koyamwa mosavuta, kataphunzira kale kaphala. Vuto lidali limodzi basi, ndipo silidali la mwanayo. Vutolo dzina lake lidali Bonifasi.

Bonifasi adali mkamwini mnzanga, mwamuna wa akulu ake a mkazi wanga. Mwana wake Gabu adabadwa mwezi umodzi ndi Tiya, koma iye adali dzungu lenileni, khosi losaoneka. Tsiku la sikelo, amayi akapachika ana pansi pa mtengo wa mango, wa Gabu muvi unkachita kuzungulira, pomwe wa Tiya unkangosuntha mwaulemu. A zaumoyo ankati onse awiri ali bwino, koma Bonifasi sankamva zimenezo. Madzulo ankabwera pakhonde panga n'kukhala pa mpando wa makasitomala.

"Atelala," ankatero, "kodi mwanayu mudamusoka ndi nsalu yotsala?"

Ndinkaseka nawo, koma mumtima munkawawa zedi. (Amuna tikamati sitisamala za sikelo, timanama. Timafunsa tikangotsala awiri ndi mayi wa mwana.)

Tsiku lina ndikuchokera kogula ulusi, ndidadutsa pakhola la aNajere, tsidya la njanji. ANajere adali mayi wamasiye wachingoni, wamtali, wamawu ngati ng'oma, amene amuna awo adawasiyira ng'ombe ndi ngolo. Pakholapo ndidaona thole lobadwa chaposachedwa likudumphadumpha, lonenepa, lonyezimira. Ndidaima. Nzeru idandifikira, ndipo ndikuuzeni abale anga, nzeru ikakufikira uli wekha panjira, uziyamba wakhala pansi. Ndidati mumtima: ngati mkaka umenewu ukukuza chinthu chachikulu chonchi msangamsanga, nanga kamwana ka munthu? Mwezi umodzi wokha, Gabu adzaoneka ngati chala.

Sindidafunse mkazi wanga. Kuuza mayi woyamwitsa kuti bere lake likuchepa ndi kuputa nkhondo, ndipo ine ndidali mkamwini, wopanda ngakhale nkhuku pamudzipo. Safunsa adadya phula; ine ndidadya ndi njuchi zomwe.

Tidapangana ndi aNajere kuti iwo azindithirira mkaka m'kabotolo m'mawa uliwonse, ine ndiziwasokera zovala. Atafunsa kuti ngwachiyani, ndidati ngwa tiyi.

"Tiyi wa mkaka, mkamwini?" adaseka. "Apongozi anu akudziwa kuti akuweta bwana?"

Ndiye zinkayenda chonchi. M'mamawa aNambewe akabereka mwana kupita kuchitsime, ine ndinkazemba kudutsa njanji n'kubwera ndi kabotolo m'thumba la buluku. Kenaka iwo ankandisiyira Tiya n'kupita kukasosa kumunda wa thonje. Akangokhota pa nkhokwe, ine sipuni m'manja. Kuwiritsa mkakawo sindinkawiritsa ayi, ndinkati moto upha mphamvu yake. Tiya ankamwa, n'kumandiyang'ana ndi timaso take tokhulupirira bambo ake.

Choyamba, mwana adayamba kukana bere masana. Amake ankadandaula, ine n'kumati, "Ndi kutenthaku." Kenaka adayamba kutsegula m'mimba. Matewera adadzaza chingwe chonse mpaka ena tinkayanika pa mpanda. Kamwana kaja kadayamba kufooka, kuseka kudatha, tizikhato tidayera.

Munthu wanzeru akadaima pamenepo. Ine ndidati: mwana akuonda, ndiye kuti mkaka ukuchepa. Ndidayamba kupita kwa aNajere kawiri, m'mawa ndi madzulo. Ndipo poti mkaka udawonjezeka, ndidaona kuti ndi bwino kuthokoza mokwanira. Ndidawasokera bulauzi ya maluwa ofiira, ya manja otukumuka, yoti munthu ali ku Mua angathe kuiona ili ku Golomoti. Lamulungu lotsatira aNajere adaivala kutchalitchi. Amayi atafunsa, iwo adayankha mosabisa kanthu, ndi mawu awo a ng'oma aja.

"Andisokera atelala a kwa aNambewe. Ulere! Amabwera kwathu m'mawa ndi madzulo."

Pofika Lolemba, nkhani idali itamwedwa kale pachitsime chilichonse. Ine ndekha ndi amene sindidaimve.

Achinyamata a masiku ano mwina simudziwa tsempho. Makolo ankati mwana wakhanda ndi wozizira, ndipo bambo akayenda ndi mkazi wina amakhala wotentha. Akabwera n'kumugwira mwanayo, wamusempha: mwana amatsegula m'mimba, amaonda, mwina kumwalira kumene. Ndiye taganizani. Mwana akutsegula m'mimba, bambo ake akuoloka njanji kawiri patsiku, mayi wamasiye wavala maluwa ofiira. Ngakhale ine ndikadakhala apongozi, ndikadaganiza zomwezo.

Lachitatu m'mawa ndikuchokera kukhola, ndidapeza anthu atakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba. Padali malume ake a mkazi wanga, apongozi atafunda chitenje kumutu, aNambewe mwana ali pamiyendo, Bonifasi (amene palibe adamuitana), ndi achimwene anga, ankhoswe a mbali yanga, amene adawaitanitsa kuchokera ku Mua pa njinga. Koma choopsa chenicheni chidali pakhonde. Makina anga adali atamangidwa kale ndi linya, chikwama changa cha zovala chili pamwamba pake.

"Khalani apo, akamwini," adatero malume. "M'mamawa muno mumachokera kuti?"

"Kwa aNajere."

Anthu adang'ung'udza.

"Mumapitako masiku onse?"

"Masiku onse. Masiku ano ndi madzulo omwe."

Achimwene adagwira kumutu. Ine ndinkaganiza kuti mlandu ndi wosiya makina osagwira ntchito, ndiye ndidati ndinene zoona zokhazokha, kupatula za kabotolo kamene kadali m'thumba.

"Mumakatani kumeneko?"

"Amandipatsa... tinthu tina ndi tina. Mwaufulu ndithu. Ndi mayi wabwino mtima."

"Ndiye mukachoka kumeneko, mwanayu mumamugwira?"

"Kwambiri. Ndimangofikira kumunyamula."

"Muli wotentha choncho?"

"Aa, malume, mwezi uno ndani sakutentha? Ndimafika thukuta lili thupi lonse!"

ANambewe adalira mokweza. Apongozi adaomba m'manja kamodzi n'kulavula pansi. Achimwene adanditsina pantchafu n'kundinong'oneza kuti, "Chitsiru iwe, akukufunsa za chigololo. Wavomera kale katatu."

Mayo ine! Ndidadumpha ngati ndakhalira nyerere. "Ndi mkaka! Mkaka wokha! Ndimamwetsa mwana kuti anenepe ngati Gabu!" Ndidasolola kabotolo kaja n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Botolo si mboni," adatero Bonifasi. (Mulungu amukhululukire, ine ndidamukhululukira patapita zaka.)

Malume adati aitanidwe mwini wake. Sipadatenge nthawi, tidaona maluwa ofiira akuoloka njanji. Mwa zovala zonse za m'nyumba mwawo, aNajere adasankha bulauzi yomweyo. Adakhala pansi, adamvetsera mlandu wonse, kenaka adanditembenukira. Adandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kubwereranso kumapazi. Ndiye adaseka mpaka misozi.

"Ine? Ndi uyu? Uyu? Malemu amuna anga ankagwetsa nkhunzi ndi manja. Uyu akafika pakhola amaima patali kuopa thole, botolo ndimachita kumutengera. Abale, umasiye ndi wowawa, koma sunandifikitse pamenepo."

Anthu onse adaseka, ngakhale achimwene anga enieni. Sindidanyozedwepo chotero chibadwire, ndipo sindidamvepo mawu okoma ngati amenewo. Aliyense adakhulupirira nthawi yomweyo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adati, "Komabe mwina." Zimenezo zidandipweteka pang'ono, koma ndidazimeza.

Mwadzidzidzi aNajere adasiya kuseka. "Dikirani. Mwati mkakawo amamwetsa yani?"

"Mwana," adayankha malume.

"Si uja mudati ngwa tiyi?" Adadzuka, adapita kwa aNambewe, adatenga Tiya n'kumuyang'ana m'maso ndi m'zikhato. Mwanayo sadalire n'komwe, adangolendewera. "Ine ndakulira m'khola, koma wanga aliyense sadalawe mkaka wa ng'ombe asanayambe kuyenda. Siyani milandu yanuyi. Mwanayu apite kuchipatala tsopano lino."

Apongozi adati mankhwala a tsempho awiritsa kale. ANajere adati, "Amenewo mumwetse bambo akewo." Adathamanga kwawo, adamanga ng'ombe pa ngolo, ndipo adayendetsa okha, chikwapu m'manja, fumbi lili koboo. ANambewe adakhala pakati ndi mwana, ine kumapeto miyendo ili lende, Bonifasi akutsatira pa njinga ya achimwene kuti asaphonye kanthu. Njira yonse palibe adandilankhula. Ndinkangoyang'ana kachifuwa ka Tiya ngati kakukwera ndi kutsika, n'kumapemphera mapemphero onse amene ndidaphunzira, ena ndikusakaniza.

Kuchipatala anamwino adamulandira mwachangu. Adati madzi atha m'thupi ndipo magazi achepa. Atamva nkhani yonse, adandikhazika pa benchi ngati mwana wa sukulu. Adati m'mimba mwa mwana wosakwana chaka simutha kugaya bwino mkaka wa ng'ombe. Umangomukhutitsa kuti akane bere, chonsecho sumupatsa magazi, ndipo wosawiritsawo udabwera ndi tizilombo take. Adati bere ndi phala zidali zokwanira, za ng'ombezo zidikire chaka chithe.

"Bambo, kodi mudabereka mwana kapena thole?"

Bonifasi adali pawindo. Dzina lija lidafika kumudzi ife tisanafike.

Tidakhala m'chipatala masiku angapo. Tsiku limene Tiya adagwiranso bere ndi manja onse awiri n'kuyamwa mwaukali, ndidatuluka panja n'kukalira kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala. Nditabwerera, aNambewe adandilankhula koyamba.

"Mukadakhala kuti mudachitadi chibwenzi, sindikadakukhululukirani. Koma uchitsiru wokhawu ndidauona kale tsiku la ukwati, ndipo ndidavomera ndekha." Adamusinthira mwana ku bere lina. "Kungoti tsiku lina mukadzaona kuti mwana wachepa, mudzafunse ine. Mwanayu tidabereka awiri."

Titabwerera kumudzi, apongozi adandipatsabe mankhwala a tsempho aja, akuti mwina mwake, komanso kuti asatayike. Ndidamwa chikho chonse osatsinzina. Adanditsegula m'mimba mpaka Loweruka, ndipo ndidaona kuti chilungamo chachitika. Makina aja adamasula ndi aNambewe okha, n'kuwakokera pamalo pake pakhonde.

Tiya adachira. Sadanenepe ngati Gabu, ndipo sindidasamalenso. Atakwanitsa chaka, aNajere adabwera okha ndi mkaka wowiritsa bwino m'kapu, akuti tsopano alawe mwalamulo. Tiya adalawa, adakwinya nkhope, n'kuulavulira pa maluwa ofiira aja. Kuyambira pamenepo mpaka tsiku limene adatisiya, aNajere sadalipirepo kusoketsa chovala kwa ine. Akabwera kudzatenga, ankaima pakhonde, kundiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuti, "Uyu?" Ine ndinkaomba m'manja n'kuti, "Zikomo, mayi." Ndinkanena kuchokera pansi pa mtima. Pakadapanda pakamwa pawo ndi ngolo yawo, bwenzi ndili wopanda mkazi ndi mwana yemwe.

Pano Tiyamike ndi mayi wa ana ake. Mwezi wathawu adabwera kudzationetsa wotsiriza, kamnyamata ka miyezi isanu ndi umodzi. Ndidakanyamula, ndidakayeza m'manja, ndipo pakamwa panga padatseguka pokha.

"Komatu kakuoneka kopepuka pang'ono. Kodi sitingati..."

ANambewe sadadzutse n'komwe mutu pa lichero la mpunga limene ankapeta.

"Bambo a Thole," adatero, "linya lija ndidasunga."