Lamulo Lochotsa Madala

Masiku ano Loweruka lililonse ndimakwera sitima ziwiri kuchoka ku Croydon mpaka ku Ilford, chikwama chili pamiyendo, mwendo ukungogwedezeka. Paki yomwe ndinkasewerako kale ili pafupi ndi nyumba yanga, poyenda wapansi. Mukandifunsa amene anandichita chipongwe chimenechi, ndiloza pakamwa panga.

Besibolo tinaiyamba mwangozi. Mnzathu wina wa ku Philippines, amene tinkagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba, anabwera ndi chibonga ndi mipira, ndipo posamuka anatisiyira zonse. Timu inatsala ya Amalawi pafupifupi yonse. (Musandifunse malamulo ake onse. Ine ndimangoti ndi fulaye wa anthu a ndevu.) Wina amaponya mpira, wina amaumenya n'kuthamanga, ndipo atatu amaima kutali kumapeto kwa bwalo kudikira mpira wouluka. Atatu amenewa tinkawatcha akutchire. Akutchirewo tinali ine, a Nkhoma ndi a Chirwa.

Loweruka limenelo ndi limene linkandisunga wamoyo. Sabata yonse mashifiti, kusambitsa anthu, kudyetsa anthu, kuyankhula Chingerezi mpaka nsagwada kuwawa. Kupaki kuja ndinkaseka m'Chichewa, n'kubwerera kunyumba ndili munthu.

Tsono pali chinthu chimene muyenera kudziwa za ife kuno. Ukulu timauwerengera pa tsiku limene munthu anatsika ndege. A Nkhoma anabwera kalekale. Ndi amene anadzandichingamira ku eyapoti, kundiphunzitsa kakweredwe ka basi, n'kundipatsa jekete yoyamba. Ali ndi dazi lowala bwino. A Chirwa ali ndi imvi ndi mimba, ndipo nkhani iliyonse amaiyamba ndi mawu akuti, "Ifetu tikufika kuno..." Awiriwa aliyense amawatcha madala. Ine ndinafika mochedwa, zaka zisanu zapitazo, ndiye ndinali "achimwene aang'ono", wotumidwa kukagula madzi. Ndinazolowera mpaka ndinayamba kudziona mnyamata ndithu. (Tsitsi ndimadaya, koma imeneyo ndi nkhani ya ine ndi mkazi wanga.)

Kutchire munthu umaima nthawi yaitali wopanda chochita, ndipo ine sindikhazikika. Ndikaima ndimayamba kuganiza, ndikaganiza pamabuka milandu. Chaka chatha tinagonja kanayi motsatizana. Ndikayang'ana kumanzere, a Chirwa akuthamangira mpira ngati akuthamangira basi imene akudziwa kuti saipeza. Ndikayang'ana kumanja, a Nkhoma akusisita bondo. Pabenchi, Tadala ndi Yankho, ana a ku yunivesite aliwiro lake, angokhala akuseweretsa mafoni. Mtima unayamba kundiyabwa.

Ndinayamba ndi kunong'oneza anthu mmodzimmodzi. Kenako ndinalemba uthenga pa gulu lathu la pafoni, wautali moti wina anayankha kuti auwerenga akakhala pa holide. Kenako ndinayamba kuimbira mayi Gondwe, namwino amene amatsogolera timu, katatu pa tsiku. Ndinali nditamva kuti timu ya anzathu a ku Zambia ku Ilford ikufuna wakutchire mmodzi wodziwa ntchito, ndipo yalonjeza kupereka magolovesi awiri ndi chibonga chatsopano. Kwa ine nkhani inali itatha kale: mmodzi wa madala apite, mwana alowe.

Mayi Gondwe atatopa nane anaitanitsa msonkhano Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Tisanalowe mu holo, a Nkhoma anandikokera pambali.

"Achimwene, nkhani iyi mwaiganizira bwinobwino?" anafunsa motsitsa mawu. "Bwanji tizingosinthana? Wina asewere hafu, mwana alowe hafu inayo. Palibe wochoka."

Ine ndinaganiza kuti akuopa kuchotsedwa. Ndinawasisita paphewa, munthu amene anandiveka jekete, n'kunena kuti, "Madala, musadandaule. Ku Ilford nakonso kuli anthu."

Anangondiyang'ana, n'kupukusa mutu.

Mu holo ndinayankhula mpaka thukuta. Ndinati timu si nyumba yosamalira okalamba, imeneyo timagwirako kale Lolemba mpaka Lachisanu. Ndinati mawondo sanama. Ndinati tikapanda kuwapatsa malo anawa atithawa, ndipo tidzatsala tokha tikusisitana mabondo. Anthu anaombera m'manja, ine mutu n'kukula.

"Chabwino, tamva," anatero mayi Gondwe. "Ndiye achoke ndani?"

"Wamkulu pa akutchire atatu," ndinayankha. "Osayang'ana nkhope. Osati zoti uyu anatithandiza, uyu ndi mkulu wa mpingo, ayi. Pepala linene."

"Muli shuwa?"

"Tivote, mayi, nthawi ikutha."

Tinavota. Dzanja langa linali loyamba kukwera, ndipo ndikukumbukira kuti ndinakweza awiri onse. Mayi Gondwe anavala magalasi, n'kutulutsa m'chikwama mafomu amene tonse tinalemba polembetsa timu. Ine n'kuti ndikukonza kale nkhope yachisoni yoti ndiwaonetse a Chirwa.

"A Nkhoma, fote seveni," anawerenga. Ndinadabwa pang'ono. Dazi lonse lija?

"A Chirwa, fote naini."

Ndinayamba kuwerenga zala pansi pa mpando, ngati kuti zaka zanga zisintha.

"Inu achimwene aang'ono," anatero akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, "fifite wani."

Wina kumbuyo analephera kupirira, ndipo nyumba yonse inaphulika ndi chiseko. A Chirwa anaimirira pang'onopang'ono, anavula chipewa, n'kundibweretsera mpando wawo wa khushoni.

"Pepani akulu," anatero akuwerama. "Zaka zonsezi takhala tikukutumani madzi. Sitinkadziwa."

Ndinayesa kudzipulumutsa. Ndinati kumudzi analakwitsa polemba chaka, mayi anga ankati ndinabadwa mvula itachedwa, ndiye mwina ndi chaka china. Ndinati tanthauzo langa linali ukulu wa kuno, wa ndege. Ndinafika ponena kuti maganizo a a Nkhoma osinthana hafu aja analinso abwino.

"Pepala linene," anatero mayi Gondwe akutseka chikwama. "Mawu anu omwe."

Ndinachita manyazi oti thupi lonse linatentha. Koma chimene chinandiwawa zedi ndinachizindikira ndili panja. A Nkhoma ankadziwa. Ndi amene anandithandiza kulemba mapepala onse nditangofika, tsiku langa lobadwa analilemba ndi dzanja lawo kangapo. Sankadziteteza okha pakhomo pa holo paja, ankateteza ine. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu ndinali nditasiya kunyumba.

Loweruka loyamba la ku Ilford a Nkhoma anabwera kudzandiperekeza pa siteshoni, atandinyamulira chikwama. Sananene mawu aliwonse ondinyoza, ndipo ndikanakonda akananena. Anangondiuza pokasinthira sitima, monga anachitira tsiku lija la ku eyapoti. Sitima itanyamuka ndinayang'ana pazenera nthawi yaitali, maso akuyabwa.

Tadala analowa pamalo panga. Mpira umene ine ndinkauyang'ana ukudutsa, iye amauwakha akumwetulira. Timu yapambana katatu kuchokera pamene ndinachoka, ndipo chibonga chatsopanocho akuti chimamenya bwino. Ndiye kuti ndinkanena zoona. (Munthu sunamvepo kuwawa ngati sunatsimikizidwe kuti unkalondola pa nkhani yokuchotsa wekha.)

Ku Ilford anandilandira bwino, ngakhale kuti dzina langa palibe akulidziwa. Onse amangoti mudala. Ndinalumbira pamaso pa mkazi wanga kuti pakamwa ndatseka, ndizingosewera n'kubwerako.

Sabata yatha tinagonja. Tikuvula magolovesi, kaputeni wawo anabwera n'kukhala pafupi nane.

"Mudala," ananong'ona m'Chinyanja cha kwawo, "mwaona ba Tembo mwamene bathamangila? Tili na banyamata babili pa benchi. Nifuna mukambe pa miting'i, namvela ati imwe muziba kukamba."

Ndinayang'ana a Tembo, wakutchire mnzanga, akutsimphina kupita kukatenga jekete. Mtima unayamba kuyabwa, mwendo kugwedezeka, mawu oyamba atafika kale pakhosi.

"Ndikamba," ndinatero. "Koma mundionetse kaye mafomu."