Ufa Kumaso kwa Injiniya

Pulani inabadwira m'bala ina pa Mhuju, botolo lachitatu litafika pakati. Amock, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anakonzapo tochi kamodzi, anamenya tebulo.

"Chibokosi chija cha mu holo, amwene! Aja anabwera ndi magalimoto asanu aja ananena okha kuti chimaganiza kuposa munthu. Tikakachigulitsa ku Mzuzu, umphawi tatsanzikana nawo."

"Koma ankati chimazindikira nkhope," anatero Watipaso, wotchedwa Netiweki poti nzeru zake zinkabwera n'kumapita.

"Tidzola ufa, iwe. Kompyuta ikaona nkhope yoyera imabalalika. Chachikulu tisadziwike, basi."

Chimene Injiniya sankadziwa n'chakuti bokosilo linafa sabata yachiwiri, eni ake osabweranso. Azimayi anapempha mphunzitsi wina kuti alumikize kamlongoti kake, ndipo intaneti ya pa Mhuju inasanduka gulu la pafoni: mtengo wa nyemba, maliro, mbuzi yosochera, tsiku la sikelo ya ana. Amock anakana kulowamo. Ankati ndi za miseche.

Lachiwiri m'mawa, poganiza kuti anthu ali kumunda, awiriwo anadutsa kuseri kwa msika ali mbuu ngati mandasi osakazinga. Kezia wogulitsa tomato anawajambula n'kuponya pagulu.

"Awa ndani?"

"Wamtaliyo ndi Watipaso, onani matewewo."

Kenako analemba Diana, mkazi wa Amock: "Shati yabuluuyo ndasita ndine. Ufawonso ndi wanga."

Mu holo, Injiniya anakwawa chafufumimba kuzemba kamera yomwe mavu anali atamangamo kale chisa. Ananyamula bokosi. Linali lopepuka modabwitsa.

"Zamakono zimatero," ananong'ona. "Nzeru sizilemera."

Anatsegula chitseko. Panja panali azimayi makumi anayi, aliyense mwana kumsana, foni m'manja. Linali tsiku la sikelo.

"Yewo chomene, mwatinyamulira," anathokoza Kezia. Anavundukula bokosi lija n'kutulutsamo sikelo ndi timatumba topachikira ana. Ndiyo inali ntchito ya bokosilo masiku amenewo.

Amock anasintha mawu, kuwanenepetsa. "Ife ndife alendo, amayi. A kampani."

"Chabwino, a kampani. Nthambi yomwe timapachikapo inathyoka. Gwirani apa, mukweze m'mwamba, mpaka apolisi afike."

Amock anaima choncho dzuwa likukwera, ana akupachikidwa mmodzimmodzi, thukuta likusandutsa ufa uja phala. Komabe sanavomere dzina. Diana anadikira mpaka kumapeto, kenako anapachika Pamela wawo wa chaka chimodzi.

Mwanayo analendewera, n'kuyang'anitsitsa chinkhope choyeracho. Anaseka, natambasulira bambo ake timanja.

"Dada!"

Khamu lonse linaphulika ndi kuseka. Watipaso anasendera pafupi, netiweki itabwerako pang'ono.

"Injiniya," anatero, "aka ndiye kamazindikiradi nkhope."