Mayankho Okana Kufa

Inu, sunthani pang'ono ndikhale, ndikuuzeni chifukwa chake mukundiona pano dzuwa lili pamutu anzanga ali ku ntchito.

Ndinali katswiri wa makompyuta pa kampani yobwereketsa matenti, mipando ndi galimoto yonyamula maliro. Anandilemba moyesa kaye, ndipo ine ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse, poti kunyumba mayi a ana anali atayamba kunditchula kuti abwana.

Zinkayenda chonchi. Munthu akafuna katundu, ku ofesi amatumiza uthenga kosungira katundu. Kumeneko kuli kalaliki wathu, Chala Chimodzi, amene amalemba ndi chala chimodzi basi. Yankho lake limaima pa mzere mu kompyuta mpaka makina a ku ofesi alitenge n'kusindikiza pepala la dalaivala. Tsono pali kabokosi kolembamo nthawi imene yankho lingadikire pa mzerepo. Nthawiyo ikatha, limafufutika.

Ine pofuna kuonetsa ukatswiri ndinalembamo masekondi asanu, osafunsa munthu. Paja safunsa anadya phula. Makina athu anali nkhalamba, ankasuzumira pa mzere kamodzi pa mphindi, n'kupeza mayankho onse atafa kale. Sabata yathunthu palibe dalaivala anatuluka pa geti. Abwana anakalipira Chala Chimodzi kuti amagona pa ntchito, bambo wamkulu mpaka misozi, akuonetsa chala chotupa. Zinandimvetsa chisoni, koma sindinaulule.

Mwakachetechete ndinabwerera pa kabokosi kaja n'kusankha kuti yankho lisafe mpaka kalekale. Ine kutaya chinthu sindikudziwa, anzanga, ngakhale mabatire akutha ndimasunga. Zinthu zinayenda, abwana anandigwira chanza, ine phewa m'mwamba. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kenaka makina osindikiza mapepala aja anapsa. Miyezi itatu anthu ankangogwiritsa ntchito foni, koma mauthenga ankapitabe, ndipo Chala Chimodzi, poopa kukalipiridwanso, ankayankha uliwonse. Inde, inde, inde. Mayankho ankangounjikana pa mzere, onse amoyo.

Tsiku limene ndinalumikiza makina atsopano, mapepala anayamba kutuluka osalekeza. Madalaivala athu sawerenga deti, amangoona kopita. Ndisanamvetse n'komwe chikuchitika, pabwalo panalibe galimoto ndi imodzi yomwe.

Tamverani tsono. Matenti a ukwati anakawakhoma pakhomo pa mayi amene banja lake linali litatha kale, ndipo anawathamangitsa ndi tsache. Mipando mazana awiri anakaitsitsa pa sukulu yotseka, mlonda n'kumasankha woti akhalire. Koma yaikulu ndi ya galimoto ya maliro.

Panali mphunzitsi wina wopuma amene anadwala kwambiri, ana ake n'kufunsiratu galimoto. Bamboyo anachira, anawo n'kuimba foni kuti basi, zasintha. Dalaivala wathu anafika ndi nkhope yachisoni, chipewa m'manja, n'kupeza mkulu akuthirira maluwa. Anamupepesa, n'kufunsa kumene kuli thupi la aphunzitsi.

"Thupi lake ndi lino," anatero mkuluyo. "Wakutumani ndani?"

Anatseka mpopi, n'kuvala jekete, n'kukwera kutsogolo. Anthu a mumsewu ataona aphunzitsi akudutsa pa galimoto ya maliro akuwabayibitsa, ena anathawa osatseka ndi zitseko zomwe.

Ku ofesi anakhala pa mpando wa abwana, nati sachoka mpaka aone dzina la mwana amene anamuitanira galimoto. Abwana anagwada, munthu wa mimba yake. Ine ndinali nditabisala kuseri kwa kabati.

Mkulu uja atapita, abwana anandiitana. Sanakalipe ayi, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi. Anandifunsa mofatsa, ngati mwana wa sukulu, kuti kodi nthawi yoyenera kulemba m'kabokosimo ndi yotani. Ndinakonza kolala n'kufotokoza kuti isachepe, isachulukenso, mphindi makumi atatu ndi zokwanira chinthu chilichonse chanzeru.

"Mukutsimikiza, akatswiri?"

Ndinatsimikiza. Anati ndilembe, ndinalemba, iwo ataima pambuyo panga.

"Zikomo," anatero akuyang'ana wotchi. "Nanunso ndakupatsani zomwezo. Longedzani."

Ndikanadziwa kuti akundiyeza ine, anzanga, ndikanati zaka khumi.